Kukonza chithunzi cha penti kuti chikaonetsedwe m'nyengo yozizira

Zithunzi zambiri zimaonongeka zisanafike n'komwe pakhoma la chionetsero, chifukwa cha phuma. Kukazizira vutoli limakula.

Penti wa mafuta sauma ngati chovala choyanika. Amalimba pang'onopang'ono pokoka okosijeni wa mumpweya, ndiye pamwamba pamatha kuuma m'masiku ochepa kapena masabata awiri m'kati mudakali mofewa. N'chifukwa chake vanishi weniweni amadikira miyezi 6 mpaka 12. Tsiku la chionetsero likakupanikizani, pakani vanishi wopyapyala wa retouch, amene salepheretsa penti kupitiriza kuuma. Musapake m'chipinda chozizira ndi chachinyezi, chifukwa vanishi amatsekera chinyezicho ndipo chithunzi chimachita mbuu ngati chakutidwa ndi nkhungu. Chithunzi, botolo la vanishi ndi burashi zigone kaye m'chipinda chimodzi chofunda.

Penti wa acrylic, wosungunula ndi madzi, vuto lake ndi lina. Kutentha kukatsika kufika pansi pa madigiri 10 Celsius, sagwirana bwino pouma, amang'ambika kapena kumatuka. Ngakhale wouma kale amalimba gwa kukazizira, choncho nsalu yomwe mwajambulapo musaikulunge kapena kuipinda ili yozizira.

Pena kuzizira kumachititsa munthu kutseka mawindo onse. Fungo la turpentine, mankhwala osungunulira penti wa mafuta, likadzaza m'chipinda mutu umawawa, ndiye siyani kampata. Nsanza zonyowa ndi mafuta a linseed, omwe amasakanizidwa ndi penti, musaziunjike pamodzi, zimatha kutentha n'kuyaka zokha. Ziyanikeni motambasula kapena ziviikeni m'madzi m'chitini chotseka.

Nsalu ikalendewera, khomani pang'ono timitengo tokungira nsalu ta m'makona a felemu ya kumbuyo, kona iliyonse mofanana, mutayika katoni pakati pa nsalu ndi hamala. Musakoke mopitirira, chifukwa chinyezi chikasintha nsaluyo imadzikokanso yokha. Zitsulo zomangirira waya wopachikira chithunzi zikhale pa gawo limodzi mwa magawo atatu kuchokera pamwamba, ndipo waya asatulukire pamwamba pa felemu akakokedwa. Dzina lanu, mutu wa chithunzi, chaka, mtundu wa penti ndi kukula kwake zilembedwe pa mtengo wa kumbuyo. Inki ya pansalu imatha kudutsa n'kuonekera kutsogolo patapita zaka.

Ponyamula, penti asakhudzane ndi pulasitiki wa timatumba ta mpweya. Timatumbato timasiya timadontho tozungulira pa penti, makamaka wa acrylic. Yambani ndi pepala losamata la glassine, kenako pulasitikiyo timatumba titayang'ana kunja, makona mutchinge ndi katoni. Zithunzi ziimirire, kutsogolo kuyang'anizana ndi kutsogolo, kumbuyo ndi kumbuyo, katoni pakati.

Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa: mukalowa m'holo yofunda kuchokera kunja kozizira, musamasule msanga. Mame amagwa pa chithunzi chozizira monga amachitira pa botolo lochokera mufiriji. Chisiyeni chokulungidwa maola 24 ngati nthawi ilipo.

Popachika, pakati pa chithunzi pakhale pafupifupi masentimita 145 kuchokera pansi, kutali ndi chotenthetsera chipinda. Nyali iunikire kuchokera pamwamba mopendekeka madigiri 30 poyerekeza ndi khoma. Ikaunika molunjika kwambiri vanishi amanyezimira m'maso mwa oonera, ikakhala pafupi kwambiri ndi khoma felemu imaponya mthunzi pa chithunzi.