Momwe mungajambulire nsanja ya belu ya ku Xi'an magalimoto akuizungulira

Pakatikati pa mzinda wa Xi'an, m'chigawo cha Shaanxi ku China, pali raundabauti yomwe magalimoto sapuma kuzungulira usana ndi usiku. M'kati mwake mwaima nsanja ya matabwa ndi njerwa yotalika mamita 36, ya denga lobiriwira ndi nsonga yonyezimira golide. Eni ake amaitcha Zhonglou, kutanthauza nsanja ya belu. Ngati sukulu kapena geni yakufikitsani ku China ndipo mwapeza mpata wopita ku Xi'an, musathere nthawi yonse kwa ziboliboli zotchuka za asilikali oumbidwa ndi dothi, zomwe zili kufupi ndi mzindawu. Sungani madzulo amodzi kuti mukaone nsanjayi.

Choyamba, kamera ibakhala m'chikwama, mudziwe kaye chomwe mukukajambula. Nsanjayi anaimanga mu 1384, mu ulamuliro wa mfumu Hongwu, yemwe anayambitsa ufumu wa Ming. Poyamba sinali pano. Mzinda utakula, malo ake akale anatsalira kumadzulo, ndiye mu 1582 anaisamutsira pafupifupi kilomita imodzi kum'mawa kuti ikhalenso pakati. Kuchokera patsinde pake misewu ikuluikulu inayi imalunjika kumpoto, kumwera, kum'mawa ndi kumadzulo, uliwonse kukafika pa chipata cha linga lakale lozinga mzindawu, lomwe ndi lotalika pafupifupi makilomita 14. Chapafupi kumadzulo kuli mnzake, nsanja ya ng'oma yotchedwa Gulou, ya mu 1380. Kalelo belu linkalira m'mawa, ng'oma madzulo, ndipo anthu ankadziwira pomwepo nthawi. Mzinda unkayendera nsanjayi, ndipo mpaka lero ukuizungulirabe. N'chifukwa chake ine ndimati chithunzi chomwe chabisa magalimoto ndi nyumba zamakono chataya theka la nkhani.

Kafikidwe kake n'kosavuta. Kwerani sitima yapansi panthaka ya Line 2, mutsike pa siteshoni ya Zhonglou. Chonde musayese kudumpha msewu wa pamwamba. Pansi pa raundabauti pali njira ya oyenda pansi yozungulira, ndipo ndi yomwe imakutulutsirani pakhomo la nsanjayo. Tengani pasipoti, ndipo pogula tikiti funsani ya nsanja zonse ziwiri. Fikani dzuwa likadalipo, kutatsala maola awiri kuti lilowe.

Kenako kwerani, ndipo apa musafulumire. Tsinde lake ndi la njerwa, mamita 35.5 mbali iliyonse, kutalika mamita oposa 8. Mukafika pamwamba pa tsindelo, kwezani maso muone kunsi kwa denga. Mudzaona timatabwa tambirimbiri tolumikizana, tina pamwamba pa tinzake, tikutambasukira kunja ngati zala za dzanja lonyamula lichero. Amisiri a kumeneko amati dougong. Ndi timeneti timalandira kulemera kwa denga n'kukutsitsira ku nsanamira zofiira, ndipo tapakidwa utoto wobiriwira, wabuluu ndi wagolide. Yandikirani mujambule ngodya imodzi yokha mpaka idzaze chithunzi chonse. Pa zitseko napo pali zosema za nthano zakale za ku China, ndipo kuwala kwa dzuwa lopendeka kumazitulutsa bwino kuposa kwa masana, chifukwa kumasiya mthunzi m'mizere yonse yomwe wosema anadutsamo. Muli pakhondepo, imani pakati pa mbali ya kumwera mujambule msewu wa Nan Dajie ukuwongoka kupita ku chipata cha Yongning.

Belu lalikulu lomwe lapachikidwa pakona mudzalijambula ndithu, koma dziwani kuti ndi lofanizira chabe. Lenilenilo, lotchedwa Jingyun, analiumba ndi mkuwa mu 711, nthawi ya ufumu wa Tang, lolemera matani pafupifupi 6, ndipo likusungidwa ku myuziyamu ya Beilin mumzinda momwemo. Poika chithunzi pa Facebook musalembe kuti ndi belu la zaka 1,300.

Dzuwa likamapendeka, tsikani mukasake poima. Malo awiri ndi omwe amathandiza. Ena ndi bwalo la pakati pa nsanja ya belu ndi ya ng'oma, pomwe mungabwerere m'mbuyo mokwanira. Ena ndi pamwamba pa nyumba ya mashopu ya Kaiyuan, kumwera chakum'mawa kwa raundabauti, pomwe nsanja ndi msewu wonse wouzungulira zimaoneka pamodzi. Kumeneko anthu amadzazako msanga, pitani mukagwire malo. Ngati muli pansi, musayandikire kwambiri n'kupendeketsa foni kuloza kumwamba, chifukwa nsanja idzaoneka ngati ikugwa chagada. Talikirani pang'ono, foni ikhale chilili, musankhe 2x, yomwe imakokera chinthu pafupi kawiri.

Nthawi yabwino ndi yochepa: mphindi 20 kapena 30 dzuwa litangolowa, magetsi a nsanja atayaka koma thambo lisanade. Kukada bii denga limasowa mumdima, pamangotsala nyali. Wa kamera aiimike pa tripod, choimikira cha miyendo itatu, kapena aikhazike pachipupa kuti isagwedezeke ngakhale pang'ono. Ikani ISO (mphamvu ya kamera yomvera kuwala) pa 100, aperture (kukula kwa kabowo kolowera kuwala) pa f/8 kapena f/11, ndipo shutter (kachitseko kolowetsa kuwala) ikhale yotsegula masekondi anayi mpaka asanu ndi atatu. Tcherani timer ya masekondi awiri kuti chala chanu chisagwedeze kamera. Zikatero nyali za magalimoto zimasanduka mizere yofiira ndi yoyera yokulunga nsanjayo, iyo ili phee pakati. Dikirani kuti padutse basi, popeza nyali zake zili pamwamba ndipo zimajambula mzere wachiwiri. Wa foni atsegule night mode, agunde pa nsanjayo pa sikirini, kenako atsitseko kuwala pang'ono. Mukapanda kutero, magetsi amawalitsa nsanja mpaka utoto uja ndi timatabwa tonse kusanduka chigamba chachikasu. Jambulani kambirimbiri, poti thambo limasintha mtundu mphindi iliyonse.

Usiku pamadzaza achinyamata ovala hanfu, zovala zamakolo za mikono yaitali, nawonso akudzijambulitsa. Amakongoletsa chithunzi kwambiri, koma pemphani kaye. Kuloza kamera ndi kumwetulira kumakwanira, ndipo wina akakana, musiyeni. M'nyengo yotentha yang'ananinso kumwamba dzuwa likamapendeka, chifukwa timbalame tonga anamzeze timazungulira denga m'magulu. Kuti titulukemo bwino, shutter ikhale yothamanga, 1/1000 ya sekondi kapena yothamanga kuposa apo, choncho tijambuleni kusanade.

Mukamaliza, yendani wapansi kulowera ku nsanja ya ng'oma, mutembenuke kamodzi mujambule nsanja ya belu ili patali pakati pa mitu ya anthu. Kuseri kwa Gulou kukuyamba dera la Asilamu a mtundu wa Hui, komwe mungakadye yangrou paomo, buledi wonyemanyema ndi manja woviika mu msuzi wa nyama ya nkhosa.