Mmene mungathandizire mwana wofunsa kuti nambala ndi chiyani

Ana amene akukulira kuno ku Johannesburg amamva dzina la nambala m'Chingerezi kusukulu, m'Chizulu kumsewu ndi m'Chichewa pakhomo, choncho tsiku lina wina adzafunsa kuti nambala yeniyeniyo ndi iti. Musathamangire kumulembera 3 papepala, chifukwa chimenecho ndi chizindikiro chabe, monganso III wa Aroma.

Yambirani pa chilankhulo chathu. Muuzeni anene anthu atatu, mbuzi zitatu, mitengo itatu, kenaka mumufunse chimene sichikusintha. Aona yekha kuti tsinde -tatu siliima palokha, limafuna dzina la chinthu chowerengedwa. Mukatero muyikireni nsapato pansi ndi kumufunsa ngati zili zinayi kapena mapeyala awiri. Mulu ndi womwewo, koma yankho likudalira chimene mwasankha kuwerenga, ndipo mfundo imeneyi ndi imene katswiri wa masamu Gottlob Frege anaitsindika mu 1884.

Mukakwera takisi yopita ku Yeoville, musonyezeni kuti dalaivala amadziwa kuti yadzaza popanda kuwerenga, pakuti mpando uliwonse wapeza munthu wake. Za ndondomeko ya nambala musatalikitse: pali poyambira, nambala iliyonse ili ndi yotsatira imodzi yokha, ndipo mzerewo subwerera pamene unachokera, monga analongosolera katswiri wina wa masamu, Giuseppe Peano, mu 1889.

Gawo lovuta limafuna majumbo ambiri. Jumbo yopanda kanthu ikhale ziro. Mwa njira ya katswiri wa masamu Ernst Zermelo, nambala iliyonse ndi jumbo imene muli nambala ya m'mbuyo mwake yokha, kotero mu 3 muli 2 basi. Mwa njira ya katswiri winanso, John von Neumann, mumalowa zonse za m'mbuyo, kotero mu 3 muli 0, 1 ndi 2. Mumange njira zonse ziwiri patebulo, ndipo mumufunse mwanayo kuti 3 weniweni ndi uti. Masamu ophatikiza amatuluka chimodzimodzi mbali zonse, koma majumbowo ndi osiyana, ndipo palibe chifukwa chosankhira imodzi n'kusiya inzake. Katswiri wa filosofi Paul Benacerraf anagwiritsa ntchito vuto limeneli mu 1965 kutsutsa zoti nambala ndi chinthu chimene tingachiloze.

Ine ndimamuuza mwana kuti 3 ndi malo a pakati pa 2 ndi 4 pamzere, ngakhale akatswiri ena amaumirira kuti nambala zilipo pazokha, kaya pali woziwerenga kapena ayi. Akasankha mbali yawoyo, mufunseni kuti nambalazo zimakhala kuti, ndipo mumupatse nthawi yoganiza.