Kuchoka ku León kupita ku Oviedo: musatengere zizolowezi za njira yaikulu

Chilimwe chino ndaona magulu angapo a amwendamnjira oyenda wapansi kupita ku Santiago de Compostela, ku Spain, akulakwitsa chinthu chimodzimodzi, ndipo chikundipweteka mtima. Amayamba ndi Camino Francés, yomwe ndi njira yaikulu, akafika ku León n'kupatukira kumpoto pa Camino de San Salvador kuti akalowe mu Camino Primitivo, njira ina yopita ku Santiago, ku Oviedo. Maganizowo ndi abwino. Vuto ndi loti chigawo cholumikizachi amachiwerengera ngati kuti akadali pa njira yaikulu.

Pa Francés munthu amazolowera zofewa. Ukayenda pang'ono wapeza mudzi, wapeza khofi, wapeza pogona. Ndiye akaona pa mapu kuti León ndi Oviedo zatalikirana makilomita pafupifupi 120, amangogawa ndi 30 n'kunena kuti masiku anayi akwana. Masamu a pa tebulo amenewo! Tsiku loyamba lokafika ku La Robla limawanamiza chifukwa njira imangotsata mtsinje wa Bernesga. Kuchokera pamenepo ndi mapiri a Cantabria. Pakati pa Poladura de la Tercia ndi Pajares mumakwera kupitirira mamita 1,500, ndipo kutsika kwake kolowera ku Asturias ndi kumene kumamaliza mawondo. Makilomita 15 a kumeneko amadya nthawi ndi mphamvu kuposa 25 a m'zigwa za Castilla.

Nanga chakudya? Midzi ya pamwambayi ndi ing'onoing'ono, ina ilibe ndi golosale yomwe. Chakudya chamadzulo m'malo ena umachita kuimbiratu foni kuti akuphikire. Wofika madzulo wosaimba amagona ndi njala, m'mawa n'kuyamba chikweza m'mimba muli pululu. Zotsatira zake ndaziona: matuza otupa, bondo lokana kupinda, ndalama za masiku atatu kuthera pa takisi yotsikira ku Pola de Lena. Tsiku limodzi likatayika apa, dongosolo lonse la Primitivo, makilomita oposa 300, limasokonekera, ndipo tsiku la ndege silisuntha. Ena amafika pokwera basi atadutsa kale Lugo, osadziwa kuti kukwera basi m'makilomita 100 omalizawa kungawalepheretse kulandira Compostela, chikalata chosonyeza kuti munthu wamaliza ulendowu.

Chimene chimanditopetsa ndi mawu akuti "tikaona konko, Mulungu atsogolera." Inde atsogolera, koma anatipatsanso nzeru. Ena amati bola kutsatira mivi yachikasu yolozera njira, ngati kuti muvi umaoneka m'chifunga.

Mlimi wina woweta ng'ombe kufupi ndi Poladura anandifotokozera kuti tsiku lina madzulo, akukaona ziweto zake, anapeza anthu awiri atakhala pamwala, chifunga chitatseka phiri lonse. Anali atasiya njira n'kutsata kanjira ka ng'ombe, madzi atawathera, mmodzi atavala nsapato zopyapyala zonyowa kale. Anawatsitsira kumudzi iye mwini. Chimene chinamudabwitsa n'choti anthuwo ananyamuka masana, pamene iye wobadwira komweko sakwera phirilo nthawi imeneyo mitambo ikayamba kutsika.

Chizolowezi chomwechi chimawapezanso pa Primitivo, pa njira ya Hospitales yochokera ku Borres kudutsa Puerto del Palo, pomwe mumayenda maola ambiri popanda sitolo. Moyo wofewa uja umabwerera pokhapokha mukafika ku Melide, pamene Primitivo imalowanso mu Francés.

Chochita n'chosavuta. San Salvador ipatseni masiku asanu kapena asanu ndi limodzi, ndipo musiye tsiku lopumula ku Oviedo, komwe ku tchalitchi chachikulu mungalandirenso chikalata cha Salvadorana, chosonyeza kuti mwamaliza njira ya San Salvador. Gulani chakudya cha masiku awiri ku La Robla, imbirani pogona dzulo lake, nyamukani m'mamawa. Mapu akhale osungidwa m'foni kuti azigwira popanda intaneti. Kuyambira ku Lugo dinditsani credencial, kabuku ka umboni wa ulendo wanu, kawiri pa tsiku. Nyengo yachisanu kumagwa chipale chofewa pamwambapo, ndiye ngati simunazolowere mapiri pitirizani ndi Francés.