Momwe mungasankhire mwana maina awiri omveka bwino pamodzi

Kale khanda linkakhala m'chikuta lopanda dzina mpaka mchombo utagwa, ndipo masiku amenewo ankapatsa akuluakulu mpata wofunsana. Lero ambiri timachirira kuchipatala, ndipo tisanatuluke n'komwe dzina limakhala likufunika kale pa fomu ya kalembera. Makolo amangotchula lomwe labwera msanga, kenako agogo akafika ndi lawo, amaliphatika pakati. Maina onsewo amakhala okoma lililonse palokha, koma ukawatchula motsatizana lilime limapunthwa, mwinanso tanthauzo limatembenuka. Ntchitoyi ndi bwino kuiyamba mwana asanabadwe. Ndikudziwa kuti akuluakulu ena sakondwa kumva dzina la mwana amene sanaoneke, choncho kambiranani awiriwiri m'nyumba, osalengeza.

1. Dziwani kaye amene akutcha dzina

M'mabanja ambiri kutcha dzina si udindo wa makolo okha. Pali agogo, azakhali kapena amalume amene akudikira mwayi umenewu, ndipo wotcha dzina amabweranso ndi kamphatso ka mwanayo. Apa m'pamene maina awiri amathandiza: lina lichokere kuchimuna, lina kuchikazi, kapena lina kwa akuluakulu, lina kwa inu eni. Ngati ndinu Akatolika, kumbukirani kuti paubatizo ambiri amasankha dzina la woyera. Ngati ndinu Asilamu, mwana amatchedwa dzina pofika tsiku lachisanu ndi chiwiri. Mukadziwa kuti dzina limodzi lichokera kwina, pemphani mwaulemu kuti akuuzeni msanga, kuti lanulo mulisankhe molingana nalo.

2. Yambirani pa dzina la bambo

Dzina limeneli ndi lokhalo lomwe simungalisinthe, ndiye lilembeni papepala, enawo muziwayesera kutsogolo kwake. Werengani maphatikizo monga tinkachitira ku sitandade 1. Banda, Phiri, Mwale ndi Tembo ali ndi awiriawiri. Kumwenda ali ndi atatu, Mkandawire asanu.

Khutu limakonda maina osiyana kutalika. Madalitso Chiyembekezo Mkandawire ndi maphatikizo 14, mphunzitsi woitana maina mpweya umuthera panjira. Temwa Chisomo Mkandawire akukwera pang'onopang'ono, awiri, atatu, asanu, ndipo akutuluka mkamwa mosavuta. Dzina la bambo likakhala lalifupi muli ndi malo oika lalitali pakati, monga Wezi Chiyembekezo Banda.

Maina achizungu muziwawerenga momwe agogo kumudzi adzawatchulire, osati momwe alembedwera. Pa Chichewa pafupifupi phatikizo lililonse limathera pa lembo la liwu, choncho Grace amasanduka Giresi, James amasanduka Jemusi, Christopher amasanduka Khirisitofa. Dzina lomwe papepala likuoneka lalifupi limatalika likafika pakamwa pathu.

3. Werengani mainawo ngati chiganizo

Apa m'pamene pagona nkhani, ndipo ndi pamene makolo ambiri saganizapo. Maina athu ndi mawu amoyo, omwe timalankhula tsiku ndi tsiku. Talandira, Tadala, Takondwa ndi Alinafe ndi ziganizo kale. Yamikani, Limbani, Pilirani ndi Landirani akulamula. Chisomo, Mphatso, Mtendere ndi Lonjezo ndi maina a zinthu. Ukaika mneni kutsogolo kwa dzina la chinthu, chiganizo chimabadwa, kaya unafuna kaya sunafune.

Izi zikhoza kukhala zokoma kwambiri. Talandira Mphatso ndi uthenga wathunthu wa banja lomwe linadikira mwana zaka zambiri. Tiyamike Chisomo ndi pemphero. Landirani Madalitso akumveka ngati mdalitso wa abusa pomaliza mapemphero, ndipo mwanayo adzaumva moyo wake wonse nthawi iliyonse akamuitana dzina lonse.

Koma taganizani bambo afuna kukumbukira malemu bambo awo, a Mavuto, pamene mayi akhala akulakalaka dzina loti Alinafe. Palibe walakwa. Mwanayo akalembedwa Mavuto Alinafe, aliyense womva Chichewa adzamva kuti mavuto ali nafe. Talandira Mavuto ndi chimodzimodzi, Landirani Chisoni nayenso. Zikatere musataye dzina la malemuwo msanga, sinthani linzakelo. Mavuto Chikumbutso sakupanga chiganizo choipa, ndipo akunena zoona za chifukwa chimene dzinalo labwerera m'banja.

Yesaninso dzina lapakati pamodzi ndi la bambo, komanso loyamba pamodzi ndi la bambo, popeza lapakati kawirikawiri limasiyidwa. Maina ambiri a makolo athu ali ndi matanthauzo omveka, monga Moyo, Mbewe, Njobvu ndi Mvula, ndipo mneni ukatsogola amalowa m'chiganizo. Talandira Mvula ndi dzina labwino zedi kwa mwana wobadwa mu Disembala.

Ndinenepo za maina odandaula, monga Ndaziona, Nditani, Masautso ndi Tsoka. Makolo athu anali ndi zifukwa zawo. Mayi amene anataya ana motsatizana ankatcha wotsatira dzina losasiririka pofuna kuti imfa imulambalale, ndipo ena ankayankha adani awo kudzera m'dzina la mwana. Sindiwanyoza. Koma ine ndimaona kuti mkangano wa akuluakulu usasenzetsedwe khanda lomwe lidzakhale nalo dzinalo zaka 70. Ngati mwambo wa banja ukufuna dzina lotere, liikeni pakati, loyamba likhale loti mwana adzanyadire polemba pa kope lake.

Dzina lapakati lingathenso kusunga mbiri ya kubadwa kwa mwana. Mtsogoleri woyamba wa dziko la Malawi anatchedwa Kamuzu, kutanthauza muzu waung'ono, pokumbukira mankhwala a mizu amene mayi ake analandira kuti aone mwana. La Hastings analitenga pambuyo pake paubatizo. Mpaka lero anthu amamukumbukira ndi dzina lachichewalo.

4. Mverani poyambira ndi pothera

Maina athu ambiri amayamba ndi Chi- ndipo ambiri amathera ndi -ani kapena -tso. Chikondi Chifundo Chirwa ali ngati munthu wachibwibwi. Kondwani Thokozani akumveka ngati maina a mapasa awiri, osati a munthu mmodzi, ndipo Dalitso Mphatso akugundana kumapeto. Kufanana kamodzi sikulakwika, koma katatu kwachuluka.

Chenjeraninso pamene dzina lothera ndi a likumana ndi loyamba ndi a. Tamanda Alinafe polankhula mwachangu amamatirana kukhala Tamandalinafe. Mukawatembenuza kukhala Alinafe Tamanda, malire amamveka.

Kusakaniza zilankhulo kumathandiza pa vuto limeneli. Banja la Mchewa ndi Mtumbuka lili ndi Lusungu, Tawonga ndi Vitumbiko oti aphatikize ndi Pemphero kapena Fatsani. Ongoonetsetsani kuti simukubwereza tanthauzo mosadziwa: Lusungu ndi Chifundo ndi chinthu chimodzi, Temwa ndi Chikondi ndi apachibale, Grace ndi Chisomo ndi dzina limodzi m'zilankhulo ziwiri. Ena amachita dala zimenezi, ndipo palibe choletsa ngati mwasankha mukudziwa.

5. Liitaneni mokweza

Imani pakhomo, muitane ngati mwana ali kubwalo la mpira ndipo nsima yapsa. Kenako litchuleni lonse mwaulemu ngati pa mwambo wolandira satifiketi. Pomaliza lipatseni munthu wachikulire wa kwanu alitchule. Likamuvuta agogo, dziwani kuti adzapeka lawo, ndipo limenelo ndi lomwe lidzakhazikike.

Lidulen'ni monga anzake adzalidulire. Thokozani adzakhala Thoko, Madalitso Mada, Yamikani Yami. Chifundo akhoza kusanduka Chifu, ndipo Takondwa akadulidwa amayandikira mawu omwe ana a sukulu sachedwa kuseka nawo. Si chifukwa chotayira maina okongolawa, koma yambani inu kunyumba kumuitana mwachidule chomwe mwakonda, chisanabwere cha anzake.

Popeza maina ngati Chikondi, Mphatso ndi Chimwemwe ndi a anyamata ndi atsikana omwe, lapakati lingathandize kusiyanitsa, monga Estere, Rute, Yosefe kapena Davide. Kwa amene mukulera ana ku London, kumbukirani kuti kumeneko ph ambiri amamuwerenga ngati f, moti Phiri amamveka Firi, ndipo Mphatso amawapinda lilime. Musasiye dzina lakwanu chifukwa cha zimenezo. Maina ngati Tadala, Zikomo ndi Wezi amatchulika paliponse, ndipo lovutalo likhoza kukhala lachiwiri.

6. Gwirizanani kalembedwe musanalembetse

Tawonga kapena Taonga? Mavuto kapena Mabvuto? Tiwonge kapena Tionge? Onsewa alipo, koma mwana wanu akhale ndi kalembedwe kamodzi. Lembani maina atatu onse m'zilembo zikuluzikulu pa kapepala, motsatana momwe mwagwirizanirana, ndipo kapepalako kakhale m'chikwama chopita nacho kuchipatala. Tsiku lochira mayi amakhala wotopa, ndipo amene amayankha mafunso nthawi zambiri ndi wodikirira, yemwe mwina sanamve bwino chomwe munapangana.

Ku Malawi lamulo la kalembera la 2010 limafuna kuti mwana alembetsedwe pasanathe milungu isanu ndi umodzi chibadwire, ndipo chiphaso chobadwira chimachokera ku bungwe loona za kalembera la NRB. Musanasaine fomu, werengani lembo lililonse, makamaka l ndi r, komanso kachizindikiro ka mu ng'. Onetsetsani kuti loyamba lalembedwa pa malo a dzina loyamba, lapakati pa malo a maina ena. Zomwe zalembedwa apo ndi zomwe muzikapereka ku sikelo, polembetsa sukulu ndi pa mayeso a MANEB, kuti akadzakwanitsa zaka 16 n'kukatenga chiphaso cha unzika, mapepala ake onse adzakhale ndi maina ofanana, m'ndondomeko imodzi.