Momwe mungaumbire nokha supuni zowedzera shad

Aliyense amene anawedzapo shad, nsomba ya m'nyanja yamchere ya mano akuthwa, ku Blue Lagoon kapena pamiyala ya ku Umhlanga akudziwa kuti supuni, kachitsulo konyezimira ka mbedza konyengerera nsomba, siikalamba m'chikwama. Ina imakodwa pamwala, ina shad yadula chingwe ndi mano, ina yapita zingwe zitakolana Loweruka m'mawa anthu atadzaza gombe lonse. Ndiye mukalowa m'sitolo ya zowedzera kuno ku Durban n'kufunsa mtengo wa supuni imodzi yabwino, mumayamba kuwerengera kuti ndalama imeneyo ikanagula ndiwo za masiku angati. N'chifukwa chake ena a ife timaumba tokha. Ntchito yake si yovuta, koma pali gawo limodzi limene silifuna phuma, ndipo ndikhalapo nthawi yaitali.

Chitsulo chake

Supuni ya shad yabwino imaumbidwa ndi chitsulo cha tin, osati mtovu. Tin imasungunuka pa madigiri 232, pamene mtovu umafuna madigiri 327. Tin ndi yopepuka, choncho supuni yake imasambira pamwamba pamadzi ikuphethira ngati kansomba kovulala, ndipo imakhalabe yonyezimira. Ya mtovu imaponyeka patali, inde, koma imamira msanga n'kukakodwa pansi, ndipo pakapita masiku imachita mbuu. Mtovu musungireni ntchito ya zolemetsa chingwe.

Tin mungaipeze mu solder yopanda mtovu, ija amagwiritsa ntchito okonza mapaipi amadzi. Werengani pachikuto, mukaona Sn99 ndiye yomweyo. Ndi yodula ndithu. Njira yotchipa ndi kuyendera masitolo a katundu wakale kufuna makapu a pewter, amene mbali yaikulu ndi tin yomwe. Tembenuzani kapuyo muone pansi ngati palembedwa. Amene akugulitsa nthawi zambiri sadziwa kuti mukufuna kukasungunula, musawauze, mtengo ungakwere.

Za kumalo ogulitsa zitsulo zakutha chenjerani nazo. Kuli bambo wina amene chilichonse chotuwa amachitchula kuti ndi pewter, ndipo theka la thumba lake limakhala zinc. Zinc siisungunuka mpaka madigiri 420, ndipo ikalowerera mumphika wanu chitsulo chonse chimasanduka ngati phala la mgaiwa losavundula bwino, sichiyendanso m'chikombole. Tengani pulayala popita. Tin ndi mtovu zimalola kudindika mukafinya, zinc imakana. Mtovu wa m'mabatire a galimoto usakhudzidwe n'komwe, utsi wake ndi poizoni.

Kupanga chikombole

Sankhani supuni imodzi ya m'sitolo imene mukuidziwa kuti imagwira, ya magalamu 25 mpaka 40, chotsani mbedza ndi timphete take. Imeneyo ndiye mayi wa zonse zimene muumbe. Mufunikanso ufa wa plaster of Paris wa ku hardware, dongo la ana losewerera, Vaseline, ndi kontena ya majarini yamakona anayi.

Yalani dongo pansi pa kontena, kanikizani supuniyo kuti theka lake lilowe, dongo lifike m'mphepete mwake ndendende. Tsekani mabowo a supuniyo ndi dongo. Kumutu kwake ikani kachidutswa ka pensulo kofika kukhoma la kontena, mpata umenewo ndi umene mudzathirirepo chitsulo. M'makona dindani timaenje ndi nsonga ya chala kuti mbali ziwiri za chikombole zizidzagwirana malo amodzimodzi. Pakani Vaseline pang'ono.

Posakaniza, ufa ndi umene umathiridwa m'madzi, osati madzi mu ufa, pafupifupi makapu awiri a ufa pa kapu imodzi ya madzi. Vundulani mofatsa, thirani kuyambira pakona, kenako gogodani kontenayo patebulo kuti thovu likwere. Thovu lililonse lotsalira pa supuni lidzakhala njerewere pa supuni zanu zonse. Pulasitalayo akalimba tembenuzani, chotsani dongo, supuni ikhale momwemo, pakaninso Vaseline paliponse ndipo thirani mbali yachiwiri. Mukaiwala Vaseline apa mwapanga njerwa.

Mawa lake tsegulani ndi mpeni, chotsani supuni ndi pensulo, kulitsani pakamwa pothirira kuti pakhale ngati fanulo. Ndi msomali jambulani timizere tiwiri titatu topyapyala kuchokera kumchira wa supuni kukwera m'mwamba, kuti mpweya uzithawira m'menemo.

Kuumitsa

Apa ndiye pali nkhani. Chikombole chikatuluka m'kontena chimakhala cholimba, choyera, ndipo mukachigwira mumaganiza kuti chauma. Sichinaume. Mkati mwake muli madzi ambiri, ndipo kuno ku Durban, ndi chinyontho cha m'mphepete mwa nyanja chino, chikhoza kukhala pawindo mlungu wathunthu chikadali chonyowa mkati. M'miyezi yotentha ndiye zimanyanya, mpweya wokha uli ndi madzi.

Chitsulo chotentha chikakumana ndi madzi amenewo, madziwo amasanduka nthunzi nthawi yomweyo, ndipo nthunzi imafuna malo oposa kuchulukitsa ka 1,600 poyerekeza ndi madziwo. Potulukira pakulu ndi pamodzi pokha, pakamwa pamene inu mwaweramirapo. Ine zinandichitikira ndi chikombole chimene chinakhala padzuwa mpaka kumveka chopepuka m'manja. Nditangothira chinalira kuti phwa, tin inaulukira m'mwamba, ina inatera pamkono pamwamba pa golovesi, ina inamatirira pagalasi la maso. Chipsera chilipobe. Supuni inatulukamo inali ya mabowo okhaokha, ndipo chikombolecho chinang'aluka pakati.

Njira imene ndimatsata tsopano ndi iyi. Chikombole chikhale chotsegula, mbali ziwiri payokhapayokha, pamalo opita mphepo kwa masiku anayi kapena asanu. Musachiike mu uvuni tsiku loyamba, chimang'aluka. Kenako chilowe mu uvuni pa moto wochepa, madigiri 90 mpaka 100, chitseko mutachisiya chotsegula pang'ono, kwa maola atatu kapena anayi. Musakweze moto pofuna kufulumira. Pulasitala ameneyu akapsa kwambiri amafooka, amayamba kuyoyoka ngati choko, ndipo m'mphepete mwa supuni simutulukanso bwino.

Kuti mudziwe kuti chauma, maso ndi manja sizithandiza. Gwiritsani sikelo ya kukhitchini. Yezani chikombole musanachiike mu uvuni, lembani, yezaninso pakatha ola lililonse. Nambala ikamatsika ndiye kuti madzi akutulukabe. Ikaima malo amodzi kawiri kotsatizana, chauma. Ngati mulibe sikelo, chitulutseni chikadali chotentha n'kuikapo kalilole wozizira pamwamba pake. Kalilole akachita nthunzi chibwerere mu uvuni. Ine ndimachita zonse ziwiri.

Ndipo chikombole chouma lero sichikhala chouma mawa. Chikagona m'shedi chimayamwanso chinyontho. Tsiku lililonse lothira chitenthetseninso kwa theka la ola musanayambe. Zomwezonso ndi chipande chothirira, waya, ndi zidutswa za chitsulo zimene mukuwonjezera mumphika: chilichonse chikhale chouma ndi chofunda. Ngati kumwamba kukuoneka mvula siyani, dontho limodzi logwera mumphika ndi lokwanira. Thukuta la pamphumi nalonso ndi madzi, mangani kansalu kumutu.

Ngati muli ndi uvuni umodzi wokha m'nyumba yogawana ndi ena, chikombole chatsopano chimene sichinakhudze chitsulo chikhoza kulowamo. Chimene chinathiridwapo kale, makamaka ngati munali mtovu, chitenthetseni panja pambali pa mbaula. Pewter wakale kwambiri amakhalanso ndi mtovu, choncho mutengeni chimodzimodzi.

Ena amathawa mavuto onsewa pogula silicone yofiira yopirira moto. Ndi yabwino kwa tin, siifuna kuumitsa ndipo imakhalitsa, koma mtengo wake umafuna munthu woti aumba supuni zambiri. Wina akakugulitsani silicone ya m'chubu yomatira mawindo n'kunena kuti ndi imodzimodzi, akufuna ndalama yanu chabe.

Waya ndi kuthira

Tin ndi yofewa, bowo lobooledwa pa iyo nsomba yaikulu ngati garrick ikhoza kuling'amba. Choncho mkati mwa supuni mudutse waya wa stainless wa milimita imodzi, wokhala ndi diso, kamphete kopinda, mbali zonse ziwiri. Mupindeni pa misomali iwiri yokhomedwa pathabwa kuti onse afanane, mumukhotetse motsata thupi la supuni, ndipo palani pang'ono m'chikombole pogona maso akewo. Waya wa galvanised amachita dzimbiri mukangopita kunyanja kawiri.

Yatsani kandulo n'kudetsa mkati mwa chikombole ndi mwaye, chitsulo chimayenda bwino pa mwaye. Ikani waya, tsekani, panani ndi kilampu pakati pa matabwa awiri, osafinya kwambiri. Chiimikeni m'beseni la mchenga wouma.

Sungunulirani panja, pa sitovu ya gasi kapena pa mbaula, mu kapoto kachitsulo kamene sikadzabwereranso kukhitchini. Ka aluminiyamu ayi. Valani magalasi, magolovesi achikopa, nsapato zotseka ndi malaya a thonje a manja aatali. Ana akhale kutali. Zonyansa zoyandama pamwamba chotsani ndi supuni yakale yodyera, kenako thirani kamodzi, osadukiza, mpaka pakamwa padzaze. Dikirani mphindi ziwiri musanatsegule. Zoyamba ziwiri zimakonda kutuluka zamakwinya chifukwa chikombole sichinatenthe mokwanira, zibwezereni mumphika. Chikombole cha pulasitala sichikhalitsa, m'mphepete mukayamba kugumuka pangani china, mwina kuli bwino kupangiratu ziwiri pa tsiku loyamba.

Zotsala

Dulani chotsalira cha pakamwa ndi pulayala, palani m'mphepete ndi tupa, kwechani ndi sandpaper kuyambira ya nambala 400 mpaka ya 1000 muli ndi madzi, pukutani ndi Brasso, polishi wa zitsulo. Penti sindipaka, shad imafuna kunyezimira. Ikani timphete ta stainless ndi mbedza. Ine ndimakonda mbedza imodzi m'malo mwa ya mano atatu, siikodwa pamiyala kawirikawiri ndipo nsomba yaing'ono imachoka msanga. Kutsogolo ikani kawaya kafupi chifukwa cha mano a shad aja.

Kaiyeseni pamadzi odekha. Ikamazungulira m'malo mogwedezeka, ipindeni pang'ono ndi manja, tin imalola. Mukabwerako tsukani ndi madzi apampopi.

Musaiwale permit, chilolezo chowedzera, ndipo nsomba zogwidwa ndi permit yongosangalala siziloledwa kugulitsa. Shad ndi zinayi pa munthu pa tsiku, yosachepera masentimita 30, ndipo kuyambira pa 1 Okutobala mpaka pa 30 Novembala nyengo yake imakhala yotseka. Garrick ndi ziwiri, masentimita 70. Miyezi iwiri yotsekayo ndi imene ine ndimathira za chaka chamawa.