Kasankhidwe ndi kasamalidwe ka mpeni wokongoletsera wa mtundu wa rondel

Mpeni wa rondel, umene asilikali ndiponso amalonda a ku Ulaya ankamangirira m'chiuno m'zaka za m'ma 1300 ndi 1400, umadziwika ndi timbale tiwiri tozungulira totchinga dzanja, kamodzi kutsogolo kwa chikumbu, kena kumapeto kwake. Unali mpeni wobayira m'mipata ya zovala zachitsulo zankhondo, n'chifukwa chake chitsulo chake chimakhala chosongoka, chokhuthala ndi chosapindika, ndipo nthawi zambiri chimatalika masentimita 30 kapena kuposerapo.

Musanagule mpeni wotengera wakalewu, yambani mwaona zithunzi za mipeni yeniyeni imene ikusungidwa m'nyumba zosungiramo zinthu zakale za Royal Armouries mumzinda wa Leeds kapena Wallace Collection ku London, kenako yerekezerani ndi umene akukutsatsani. Yang'anitsitsani chikumbu: pa mpeni wopangidwa mokhulupirika, dzanja limakwana ndendende pakati pa timbale tija, osasiya mpata woti lizitakataka. Mpeni wodzaza zigaza, zinjoka ndi timiyala tagalasi tonyezimira ndi wa m'nthano chabe, ndipo kwa ine ndalama zake ndi zongotaya ngati cholinga chanu chili mbiri yakale.

Funsaninso za chitsulo. Mipeni yambiri yotsika mtengo imakhala ndi chikumbu choumbidwa ndi zinki, ndipo mkati mwake mumangodutsa kamtengo kachitsulo kowotcherera, kamene kamathyoka mosavuta. Wotere ndi wopachika pakhoma basi. Musauponye kapena kutemera chinthu.

Wa chitsulo chosachita dzimbiri umangofuna kupukuta. Wa chitsulo cha kaboni, chimene chimafanana kwambiri ndi chakale, umafuna chidwi, chifukwa ngakhale chala chathukuta chimasiya chidindo chofiirira pakangopita masiku ochepa. Mukaugwira, upukuteni ndi kansalu kofewa kouma, kenako pakani pang'ono mafuta a makina osokera kapena phula la Renaissance Wax, limene linapangidwa ku British Museum m'zaka za m'ma 1950. Mafuta ophikira ayi, chifukwa amayamba kunata ndi kukola fumbi. Dzimbiri likangoyamba, lichotseni ndi sitiliwulu yosalala kwambiri yonyowetsa m'mafuta, mukukhula motsata utali wa mpeniwo.

Musausiye m'chimake chachikopa kwa miyezi, pakuti chikopa chimasunga chinyezi, ndipo mankhwala ofufutira amadya chitsulo n'kubiriwitsa mkuwa. Pachikani mpeni pawokha, chimake pambali pake, kutali ndi nthunzi ya kukhitchini ndiponso pamwamba pomwe ana sangafikire.