Kukakhala pakhomo la eni ku Spain: zoti wophunzira wa ku Zomba adziwiretu

Mukapeza mwayi wokaphunzira Chisipanishi ku Spain m'miyezi ya Juni, Julaye ndi Ogasiti, pemphani kuti akuikeni pakhomo la banja, osati ku hositelo. Ku hositelo mukapeza Ajeremani, Ajapani ndi anthu a ku America, ndipo nonsenu muzikangolankhulana Chingerezi mpaka tsiku lobwerera. Ine ndinakhala ku Salamanca, mzinda umene yunivesite yake inayamba mu 1218, kwa mayi wina wopuma pa ntchito ya uphunzitsi. Chisipanishi chimene ndimalankhula lero, chambiri ndinachitola pa tebulo la mayiwo.

Posankha mzinda, funsani chilankhulo chimene banjalo limalankhula pakhomo. Ku Barcelona mabanja ambiri amalankhulana Chikatalani, ndipo kumpoto kulinso Chibasiki ndi Chigalisiya. Ku Salamanca, Madrid kapena Valladolid vuto limeneli mulibe nalo.

Za mapepala ndingodutsapo. Ulendo wosapyola masiku 90 umafuna viza ya Schengen (yolowera m'maiko ambiri a ku Ulaya, kuphatikizapo Spain), inshuwalansi ya chipatala yofika mayuro 30,000, kalata ya sukulu, adiresi ya kumene mukagone, ndi pasipoti yoti idzakhalebe ndi miyezi itatu pa tsiku lotuluka m'dzikomo. Yambani kulondola zimenezi mvula isanathe.

Musapusitsidwe ndi chisanu cha Juni cha kuno, chotsika ku Chawe chija, n'kudzaza chikwama ndi majuzi. Kumeneko ndi nthawi ya dzuwa, ndipo ku Sevilla ndi Córdoba kutentha kumapitirira madigiri 40. Tengani zovala zopepuka ndi juzi imodzi ya m'ndege. Mapulagi awo ndi a mano awiri obulungira, choncho gulani adaputala mumsika waukulu musananyamuke, chifukwa foni ikazima usiku woyamba simudzakhala ndi mawu ofunsira. Mphatso ikhale ya kwathu kuno: tiyi wa ku Thyolo, khofi wa ku Mzuzu, chitenje chabwino. Nyama ndi za mkaka musatenge, malamulo a European Union salola. Chosangalatsa n'chakuti m'miyezi imeneyi wotchi ya ku Spain imafanana ndi yathu ndendende, ndiye poimbira amayi ku Chinamwali pa WhatsApp palibe zowerengetsa maola.

Tsopano nkhani yeniyeni. Ife tinaleredwa kuti mlendo waulemu salankhulalankhula, sayang'ana wamkulu m'maso, akapatsidwa chakudya amayamba wakana pang'ono, akadya amathokoza n'kukakhala phee kuchipinda. Kumeneko khalidwe limeneli amaliona ngati kudwala kapena kunyansidwa nawo. Mayi a pakhomo ankandigogodera kufunsa ngati andilakwira. Mukamalankhula nawo, ayang'aneni kumaso. Akakufunsani ngati mukufuna kuwonjezera chakudya ndipo mukufunadi, vomerani pomwepo. Ngati chakudya china simuchikonda, nenani tsiku loyamba lomwelo, apo ayi muzichipeza pa mbale mlungu uliwonse chifukwa akuganiza kuti munachikonda.

Mkalasi adzakuphunzitsani usted, mawu aulemu oitanira wamkulu. Yambani nawo, koma ambiri adzakuuzani msanga kuti muziwatchula tú ndi dzina lawo loyamba. Pakamwa pamalemera kutchula dzina munthu wa msinkhu wa agogo anu, koma mverani, ndi mwini nyumba wanena. Moni wa akazi okhaokha, kapena wa mwamuna ndi mkazi, ndi kugundanitsa masaya kawiri. Amuna okhaokha amagwirana chanza. Musabwerere m'mbuyo modzidzimuka. Ndipo akamakweza mawu pa tebulo, onse kulankhula nthawi imodzi, si ndewu ayi. Mukadikira kuti wina akupatseni mpata, mudzabwerera ku Zomba musanayankhulepo. Lowani pakati, ngakhale ndi chiganizo chothyoka.

Nthawi ya chakudya imazunza m'mimba masiku oyamba. M'mawa ndi khofi ndi kagawo ka buledi wowotcha, nthawi zina wopaka tomato ndi mafuta a olivi. Nkhomaliro, imene ndiyo chakudya chachikulu, imabwera cha m'ma 2 kapena 3 koloko, ndipo mgonero cha m'ma 9 kapena 10 usiku, dzuwa likungolowa kumene. Munthu wozolowera phala m'mawa ndi nsima 12 koloko aziyenda ndi chipatso kapena mtedza m'chikwama. Mukatha kudya musathamangire kuchipinda. Iwo amakhalabe pa tebulo n'kumacheza, amati sobremesa, ndipo kalasi yeniyeni ndi imeneyo. Ine ndinkasunga funso limodzi tsiku lililonse, la mkalasi kapena la zimene ndaona pa Plaza Mayor, bwalo lalikulu la pakati pa mzinda, n'kuliponya pa nthawi imeneyi. Mayiwo ankandikonza pamene ndaphonya, mwana wawo n'kutsutsa, nkhani n'kukula yokha. Auzeni poyera kuti mukufuna kukonzedwa, chifukwa ena amachita manyazi kudula mlendo.

Asilamu ndi a Seventh Day, tcherani khutu apa. Nkhumba ili paliponse: jamón, chorizo, ngakhale mu mphodza zooneka ngati zandiwo zamasamba zokha. Lembani pa fomu ya sukulu musanapite, ndipo mukafika mubwerezenso, mukutchula mayina amenewa limodzi ndi limodzi, poti ena akamva kuti simudya nkhumba saganiza kuti kachidutswa ka mu supu kakuwerengedwa. Vinyo pa tebulo ndi wamba, ndipo kukana sikukhumudwitsa munthu.

Za m'nyumba funsani tsiku loyamba: makiyi, tsiku lochapa, ngati mungatsegule furiji, ngati mnzanu angalowe. Alendo salowa chisawawa monga timachitira ku Chikanda. Anzanu mukakumana nawo panja. Magetsi ndi madzi amawasamala kwambiri, ndiye kusamba kukhale kwachidule ndipo muzizimitsa getsi potuluka. Masana amatsitsa zotchinga za m'mawindo kuti kutentha kusalowe, inu musazikweze pofuna kamphepo. Mukadziwa kuti simudzadya pakhomo, tumizani uthenga nthawi ilipo, chakudyacho amaphika mowerenga anthu. Kuchapa mbale ena amakana, koma kunyamula mbale yanu kupita nayo kukhitchini palibe amene amaletsa. Sitolo zing'onozing'ono zambiri zimatseka masana mpaka cha m'ma 5, ndipo Lamulungu zambiri sizitsegula n'komwe. Nambala ya ngozi ndi 112.

Chilakolako cha nsima chikakula, pemphani khitchini tsiku limodzi muwaphikire. M'masitolo ambiri muli ufa woyera wa chimanga wa Harina P.A.N., umene anthu a ku Venezuela amapangira timikate tawo totchedwa arepa. Ndi wophikaphika kale, umalimba msanga, choncho thirani pang'onopang'ono ndipo musadikire kuti phala lithakathake nthawi yaitali. Mthiko wawo ndi waung'ono, gwirani mphika ndi nsalu. Ndiwo pezani nkhuku, tomato, anyezi ndi sipinachi wotendera, ndipo muwasambitse m'manja adye ndi zala. Mayina onse a ziwiya ndi zokometsera mudzawafunsa muli pa moto pomwepo, ndiye ikani kabuku ndi cholembera pafupi ndi mphika.